Anandijambula mitsempha ya mtima katatu ndi mankhwala atatu osiyana

Patatha masiku atatu chiikireni stent, kachubu kakang'ono ka waya kotsegula mtsempha umene wachepa, mumtsempha wina wa mtima wanga, zotsatira za magazi zinasonyeza kuti impso zanga zafooka, ndipo dokotala wa impso amene anabwera kudzandiona anandifunsa funso limene ndinalephera kuyankha. Anati, "Bambo, pojambula paja anakuthirani mankhwala ati, nanga anali mamililita angati?" Tsiku ndinkalidziwa, mkono umene analowetsapo kachubu ndinkaudziwa, ngakhale nthawi imene wotchi ya pakhoma inkasonyeza pamene ankandilowetsa m'chipinda chojambulira ndinkaikumbukira, koma za mankhwala amene anayenda m'magazi anga n'kukathera mu impso sindinkadziwa kanthu, ndipo ndinali ndisanaganizepo n'komwe kuti mankhwalawo alipo a mitundu yosiyanasiyana. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufunsa, kuwerenga ndi kulemba zonse m'kope. Sindine dokotala, koma zimene ndinaphunzira ndi thupi langali ndikufuna zifike kwa anzanga odwala mtima, makamaka amene ali ndi shuga kapena impso zofooka ngati ine.

Ndili ndi zaka 59, ndipo ndakhala ndi matenda a shuga kwa zaka 13. Vuto la mtima linayamba ngati kulemedwa pachifuwa ndikamakwera masitepe, kulemedwa kumene kunkatha ndikaima kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, motero kwa miyezi ingapo ndinkangoti n'kutopa. Dokotala wa mtima anandifotokozera kuti mtima, ngakhale kuti ndiwo umapopa magazi a thupi lonse, umadalira timitsempha takenso timene timayenda pamwamba pake, ting'onoting'ono ta mamilimita atatu kapena anayi okha m'mimba mwake, ndipo timitsemphati tikayamba kuchepa m'kati chifukwa cha mafuta ndi calcium zimene zimamatirira m'mbali, mnofu wa mtima umaperewedwa mpweya ukamagwira ntchito yolemetsa. Kuti adziwe pamene pachepa anafunika kuona m'kati mwa mitsemphayo, koma X-ray payokha singathe kutero, popeza magazi, mtsempha ndi mnofu zonse zimangooneka ngati nkhungu imodzi. N'chifukwa chake amathira mankhwala okhala ndi ayodini. Ayodini amatsekereza cheza cha X-ray, choncho m'masekondi ochepa amene mankhwala akudutsa, mtsempha umaonekera wonse ndi nthambi zake ngati mizu ya mtengo. Madokotala amawatcha contrast, odwala ambiri amangoti utoto, koma amene ndinawaona m'botolo analibe mtundu uliwonse, ankangooneka ngati madzi.

Ulendo woyamba unali wa makina a CT, ojambula m'kati mwa thupi ndi X-ray popanda kulowetsa kachubu kumtima, ndipo dzina la mankhwala ndinalipeza pambuyo pake m'mapepala anga: iopromide 370, mamililita 70. Nambala ya 370 imatanthauza mamiligalamu a ayodini amene ali mu mililita imodzi, ndipo pojambula mtima ndi CT nthawi zambiri amasankha okhala ndi ayodini wambiri, a 350 mpaka 400, chifukwa mankhwalawo amalowera pamtsempha wa pamkono n'kusakanikirana ndi magazi ambiri asanafike kumtima. Anandipatsa kaye mapiritsi ochepetsa liwiro la mtima kuti uzigunda pafupifupi ka 60 pa mphindi, n'kundiika mankhwala pansi pa lilime otambasula mitsempha, kenako makina anapopa mankhwalawo mothamanga, mamililita pafupifupi 5 pa sekondi iliyonse. Namwino anali atandichenjeza kuti ndimva kutentha, koma sindinayembekezere kuti kubwera motero. Kunayambira pakhosi, m'kamwa mukumveka ngati ndaluma chitsulo, n'kutsika msanga mpaka m'chinena, moti ndinakhulupirira ndithu kuti ndadzikodzera pamene makina ankandiuza kuti ndisapume. Sindinadzikodzere ayi, ndipo pasanathe mphindi imodzi zonse zinali zitatha. Impso sizinasinthe. Zithunzi zinasonyeza kuti mitsempha iwiri yachepa, koma calcium anali wambiri moti sanathe kuyeza bwino kuti yachepa motani, ndiye anati pakufunika kulowetsa kachubu mpaka kumtima kwenikweniko.

Ulendo wachiwiriwu ndi umene unandivulaza impso, ndipo ndiyenera kunena poyera kuti mbali ina ya cholakwacho inali yanga. Sabata imeneyo msana unkandipweteka, ndiye ndinkamwa diclofenac kawiri pa tsiku, ndipo pamene anandifunsa mankhwala amene ndimamwa ndinangotchula a shuga ndi a BP, poganiza kuti opha ululu sawerengedwa. Ndiponso atandiuza kuti ndisadye m'mawa wa tsikulo, ine ndinamva ngati akuletsanso madzi, moti ndinafika m'chipindamo kukhosi kuli gwa. Analowetsa kachubu pamtsempha wa padzanja lamanja, pamene timagwira tikafuna kumva kugunda kwa mtima, ndipo ndinali maso nthawi yonseyo. Nthawi iliyonse akathira mankhwala ndinkamva kutentha pachifuwa, n'kumaona pa sikirini mtsempha wanga ukuda kwa kanthawi kenako n'kuzimiririka. Mtsempha waukulu wa kutsogolo kwa mtima unali utachepa kwambiri, ndipo anaganiza zoikamo stent nthawi yomweyo. Malowo anali olimba ndi calcium, ntchito inatenga nthawi yaitali, ndipo chithunzi chilichonse chinkafuna mankhwala ena. Pamapeto pake anali atathira iohexol 350 wokwana mamililita 220.

Ali m'kati mwa ntchito, dokotala anandiuza kuti, "Bambo, ndikanena kuti tsokomolani, mutsokomole mwamphamvu osafunsa chifukwa." Sanafike pondiuza kutero, koma mawuwo anandikhala m'mutu, ndipo pambuyo pake ndinapeza kumene anachokera. Pa 30 October 1958, ku Cleveland Clinic m'dziko la America, dokotala wina dzina lake Mason Sones ankajambula mtsempha waukulu wotuluka mumtima wa mnyamata wa zaka 26, ndipo kachubu kanaterereka n'kulowa mumtsempha wa kumanja wa mtima, mankhwala ochuluka n'kuthiridwa mmenemo mwangozi. Nthawi imeneyo madokotala ankakhulupirira kuti kuchita zimenezi n'kupha munthu. Mtima wa mnyamatayo unaima kwa masekondi angapo, Sones anamuuza kuti atsokomole, ndipo unayambanso kugunda. Kujambula mitsempha ya mtima monga tikudziwira lero kunayambira pamenepo, ndipo mankhwala amene anagwiritsa ntchito tsikulo, a diatrizoate, ndi a m'gulu lakale limene linkachedwetsa mtima, kutsitsa BP ndi kusanzitsa odwala kawirikawiri.

Impso zanga zinali zofooka kale chifukwa cha shuga. Ndisanajambulidwe, creatinine, chinyalala cha m'magazi chimene chimachuluka impso zikafooka, anali pa 1.6 ndipo nambala imene amaitcha eGFR, yosonyeza mphamvu ya impso posefa magazi, inali 48, pamene ya munthu wa impso zabwino imakhala 90 kapena kuposa. Tsiku lachitatu creatinine anali atafika pa 2.3. Chimene chinandichititsa mantha n'chakuti sindinkamva kupweteka kulikonse ndipo mkodzo unkatuluka monga mwa nthawi zonse, kutanthauza kuti akanapanda kundiyeza magazi sindikanadziwa. Dokotala wa impso anandifotokozera kuti mankhwalawa amatuluka m'thupi makamaka kudzera mu impso, kuti kwa munthu wa impso zabwino theka lake limakhala litachoka m'magazi pakatha maola awiri ndipo pafupifupi onse amakhala atatuluka pakatha tsiku limodzi, koma impso zikakhala zofooka ndiponso thupi lili louma, mankhwala amachedwa m'timachubu ta impso, amafinya timitsempha take ndi kuvulaza maselo. Creatinine amayamba kukwera pakatha tsiku limodzi kapena awiri, amafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, ndipo kwa anthu ambiri amabwerera m'malo mwake pasanathe milungu iwiri. Wanga anabwerera pa 1.7 patatha masiku 10.

Mtsempha wachiwiri unali usanakonzedwe, ndipo anandipatsa milungu 6 kuti impso zipume. Milungu imeneyi ndi imene ndinawerenga kwambiri, chifukwa ndinkaopa kuti ulendo wachitatu ukhoza kundifikitsa pa makina osefa magazi.

Chinthu chachikulu chimene chimasiyanitsa mankhwalawa amachitcha osmolality, ndipo ndinavutika kuti ndichimvetse mpaka nditachiona motere: madzi amathamangira kumene kuli tizinthu tambiri tosungunuka, choncho mankhwala okhala ndi tizinthu tambiri kuposa magazi akalowa mumtsempha amakoka madzi m'maselo a magazi ndi a m'mbali mwa mtsemphawo, maselo n'kufwanyala, ndipo kutentha ndi ululu zimachokera pamenepo. Pa muyeso umenewu magazi a munthu ali pa 290. Mankhwala akale aja, monga diatrizoate, amafika 1,500 mpaka 2,000, chifukwa akasungunuka kachidutswa kalikonse kamagawika pawiri, ndiye tizidutswa timachuluka pamene ayodini ndi yemwe uja. Amene anazindikira kuti gwero la ululu ndi limeneli anali Torsten Almén, dokotala wojambula wa ku Sweden, amene akuti anakumbukira kuti madzi a m'nyanja ya mchere wambiri ankamuwawa m'maso posambira pamene a mchere wochepa sankamuwawa. Mu 1969 analemba maganizo ake a mankhwala osagawika akasungunuka, ndipo kampani ya Nyegaard ya ku Norway inagwira naye ntchito mpaka kutulutsa metrizamide m'zaka za m'ma 1970. Kuchokera pamenepo m'pamene panabadwa gulu lachiwiri, la iohexol, iopamidol, iopromide, ioversol, iomeprol ndi ena, amene ali pakati pa 600 ndi 850. Amawatcha otsika, koma dzinali lisatinamize, pakuti ndi otsika powayerekeza ndi akale aja, pamene poyerekeza ndi magazi akadali okwera kawiri kapena katatu. Gulu lachitatu ndi la iodixanol, amene tizidutswa take tiwiri analumikiza kukhala kamodzi konyamula maatomu 6 a ayodini m'malo mwa atatu, ndipo chifukwa cha zimenezi ali pa 290, kufanana ndi magazi.

Kusiyana kwa gulu loyamba ndi lachiwiri n'kwakukulu ndipo palibe amene amakutsutsa. Kafukufuku wa ku Japan wotsogozedwa ndi Katayama, amene anafalitsidwa mu 1990 ndipo anakhudza anthu oposa 337,000, anapeza kuti zovuta zina zilizonse zinaoneka mwa anthu pafupifupi 13 pa 100 alionse olandira mankhwala akale ndi mwa anthu 3 pa 100 olandira atsopano, ndipo zovuta zoopsa zinali zocheperapo kasanu kwa olandira atsopano. Ichi n'chifukwa chake masiku ano mitsempha ya mtima sajambulanso ndi mankhwala akale aja kwenikweni. Mkangano umene watsala ndi wa gulu lachiwiri ndi lachitatu, ndipo apa m'pamene ine ndinafulumira kugamula mlandu. Ndinapeza kafukufuku wotchedwa NEPHRIC, wofalitsidwa mu 2003, amene anayerekeza iodixanol ndi iohexol mwa odwala 129 a shuga ndi impso zofooka, anthu ofanana ndi ine ndendende, ndipo creatinine anakwera kwambiri mwa anthu 3 pa 100 olandira iodixanol poyerekeza ndi 26 pa 100 olandira iohexol. Nditawerenga zimenezi mtima unandiwawa, ndinkaona kuti akanangosankha botolo lina impso zanga sizikanavulala, ndipo ndinapita kukaonana ndi dokotala ndili ndi pepala m'manja.

Ndinati, "Adokotala, ulendo uno ndikupempha kuti mundithire iodixanol, chifukwa enawa ndi amene anandiononga impso." Anawerenga pepalalo modekha, n'kundiuza kuti pempho langa alilandira, popeza kwa munthu wa impso ngati zanga iodixanol ndi chisankho chabwino, koma sankafuna kuti ndituluke m'chipindamo ndikukhulupirira kuti dzina la mankhwala ndilo linditeteze. Anandiuza kuti odwala 129 ndi ochepa, ndipo kafukufuku wina wotchedwa CARE, wa mu 2007, wa odwala oposa 400 a impso zofooka ojambulidwa mitsempha ya mtima, anayerekeza iodixanol ndi iopamidol ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni. Ofufuza ataphatikiza kafukufuku wambiri pamodzi, ubwino wa iodixanol pa impso unkaonekera makamaka pomuyerekeza ndi iohexol ndi ioxaglate, koma pomuyerekeza ndi ena a gulu lachiwiri sunkaoneka bwino. Ndicho chifukwa chake malangizo a madokotala a mtima ndi a impso amalola gulu lachiwiri ndi lachitatu lomwe, n'kuletsa loyamba lokha.

Anandifotokozeranso chinthu chimene ndinali ndisanachiwerenge bwino, chakuti kulumikiza tizidutswa tiwiri kuja kuli ndi mtengo wake. Iodixanol ndi wonanda kuposa ambiri mwa anzake a ayodini wofanana, amayenda ngati oyilo wozizira, ndipo ena mwa ofufuza amaganiza kuti kunandako kumachedwetsa mkodzo m'timachubu ta impso, makamaka munthu akakhala kuti sanamwe madzi okwanira. Kunandako kumavutitsanso kuwakankha m'kachubu kakang'ono, ndipo n'chifukwa chake mabotolo amawasunga m'kabokosi kofunditsa pa madigiri 37, pakuti akafunda kufika pa kutentha kwa thupi kunanda kumatsika ndi pafupifupi theka. Kenako anatenga cholembera n'kulemba nambala ziwiri kuseri kwa pepala langa lomwelo: 48 ndi 220. Anati lamulo limene madokotala ambiri amatsatira n'lakuti mamililita a mankhwala asapitirire katatu nambala ya eGFR, ndipo akakhala ochepera kawiri ndiye bwino koposa. Kwa ine malire anali 144, ndipo ndinalandira 220, thupi lili louma, diclofenac ali m'magazi. Anavomereza kuti ntchito itavuta akanatha kuilekeza n'kudzaimaliza tsiku lina, koma mtsempha unali pangozi ndipo anasankha kuupulumutsa, chisankho chimene lero ndimachimvetsa ndipo ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi. Anawonjezera kuti si kukwera kulikonse kwa creatinine kumene kumachokera ku mankhwala ojambulira, popeza kachubu koyenda mumtsempha waukulu kakhoza kugumula tizidutswa ta mafuta n'kukatseka timitsempha ta impso, ndiponso BP ikatsika pa nthawi ya ntchito impso zimaperewedwa magazi.

Ndinamufunsanso za mankhwala amene ndinawerenga kuti amateteza impso, acetylcysteine ndi dilipi ya sodium bicarbonate. Anandiuza kuti kwa zaka zambiri madokotala ankawapereka ndi chiyembekezo, koma kafukufuku wamkulu wotchedwa PRESERVE, wa odwala pafupifupi 5,000, wofalitsidwa mu 2018, anasonyeza kuti palibe chimene amawonjezera kuposa dilipi wamba ya madzi amchere. Chotsala ndi madzi okwanira, mankhwala ojambulira ochepa, kusiya opha ululu a mtundu wa diclofenac ndi ibuprofen, ndi kupatsa impso nthawi yopuma pakati pa kujambula kuwiri. Madziwonso ali ndi malire ake, chifukwa kwa munthu amene mtima wake ndi wofooka dilipi yochuluka ikhoza kudzaza mapapo, choncho si nkhani yongodzimwera mabotolo ambiri popanda kufunsa.

Ulendo wachitatu unakonzedwa mosiyana kwambiri. Diclofenac ndinali nditamusiya kalekale, anandigoneka usiku wake n'kundiika dilipi maola angapo ndisanalowe ndiponso nditatuluka, ndipo metformin, mankhwala anga a shuga, anandiuza kuti ndimusiye tsikulo mpaka patatha maola 48 atayeza impso. Za metformin ndiyenera kulongosola, chifukwa odwala shuga ambiri amamva molakwika: iye sasemphana ndi mankhwala ojambulira ayi, koma amatuluka kudzera mu impso, ndiye impso zikafooka mwadzidzidzi amaunjikana m'thupi ndipo akhoza kuyambitsa asidi woopsa m'magazi. M'chipinda chojambulira ndinaona namwino akutulutsa botolo m'kabokosi kofunditsa, ndinapempha kuti ndiwerenge, ndipo panalembedwa iodixanol 320. Dokotala anagwiritsa ntchito zithunzi za ulendo wapita ngati mapu kuti asabwereze kujambula, ndiponso analowetsa kachipangizo kotchedwa IVUS, kamene kamaona mtsempha kuchokera m'kati pogwiritsa ntchito mafunde a mawu ndipo sikafuna mankhwala ojambulira, n'kuyeza nako kukula kwa mtsempha ndi kutalika kwa stent. Nthawi ndi nthawi ndinkamva namwino akutchula nambala mokweza, 20, 35, 50, kukumbutsa dokotala mamililita amene apita. Anamaliza pa 65. Kutentha kuja sindinakumve kwenikweni, kunangokhala ngati kafundidwe kochepa pachifuwa, ndipo pa mbali imeneyi kafukufuku amagwirizana ndi zimene ndinamva, kuti iodixanol satentha kapena kupweteka kwambiri ngati enawo. Patatha maola 48 creatinine anali pa 1.7, osasuntha.

Anthu amandifunsa ngati iodixanol ndiye anateteza impso zanga, ndipo yankho loona n'lakuti zinthu zinayi zinasintha nthawi imodzi, mtundu wa mankhwala, kuchuluka kwake, madzi m'thupi ndi diclofenac, motero thupi langa lokha silingakhale umboni wa chimodzi mwa izo. Maganizo anga, nditamva madokotala awiri ndi kuwerenga zimene ndinakwanitsa, ndi akuti kutsika kuchoka pa 220 kufika pa 65 ndiko kunachita zambiri.

Ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa, koma usiku wa tsiku lachitatu ndinadzuka thupi likuyabwa. M'mawa mkazi wanga atandiyang'ana kumsana anati, "Bambo, msana wonsewu watuluka tizidzolo tofiira, mpaka m'mbali mwa mimba ndi m'ntchafu." Ganizo loyamba linali lakuti ndi clopidogrel, mapiritsi oletsa magazi kuundana mu stent, amenenso amatha kutulutsa zidzolo, ndipo ndinatsala pang'ono kuwasiya. Ndikuthokoza kuti ndinaimba kaye foni kuchipatala, chifukwa anandiuza mwamphamvu kuti ndisayerekeze kudumphitsa ngakhale tsiku limodzi, popeza stent yatsopano ikhoza kutsekeka ndi magazi oundana n'kupha munthu. Dokotala atandiona anati clopidogrel ndinali nditamumwa kale milungu 6 popanda vuto, ndiye chokayikitsa kwambiri chinali mankhwala ojambulira. Pali ziwengo zimene zimabwera nthawi yomweyo, m'kati mwa ola limodzi, monga kutupa milomo, kubanika ndi kutsika kwa BP, zimene ndi zoopsa koma zosowa ndipo zimachitika munthu akadali m'manja mwa madokotala. Palinso zochedwa, zimene zimatuluka kuyambira ola limodzi mpaka sabata, kawirikawiri pakhungu, ndipo izi zimaoneka kwambiri ndi iodixanol kusiyana ndi a gulu lachiwiri. Anandipatsa mapiritsi oletsa kuyabwa ndi mafuta opaka a steroid, ndipo patatha sabata limodzi khungu linayera. Anandichenjeza kuti zikanakhala ndi matuza, zilonda m'kamwa, kutupa nkhope kapena kutentha thupi, ndikanayenera kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Ndinamufunsa ngati tsopano ndine munthu wosagwirizana ndi ayodini, ndipo anandikonza mwamsanga. Anati ayodini ali kale m'thupi mwa munthu aliyense, chithokomiro chimamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku popanga mahomoni, choncho chimene thupi langa linakana ndi kapangidwe ka mankhwala amenewo, osati ayodini. Anandipempha kuti ndisalole aliyense kulemba m'buku langa la kuchipatala kuti sindigwirizana ndi ayodini, chifukwa mawu amenewo akhoza kuchititsa dokotala wina kuopa kundijambula tsiku limene moyo wanga udzadalire chithunzicho. Choyenera kulemba ndi dzina lenileni la mankhwala, chimene chinachitika, ndi nthawi imene chinayamba. Munthu amene anatulukapo ziwengo, njira imene imathandiza kwambiri ndi kusintha mankhwala ulendo wotsatira, ndipo ena amapatsidwanso steroid maola angapo asanajambulidwe, ngakhale kuti steroid sachotseratu ngozi ndipo kwa wodwala shuga amakweza shuga kwa masiku angapo. Posinthapo pamafunika nzeru, chifukwa iodixanol ndi iohexol ndi apachibale m'kapangidwe kawo ndipo thupi lokana mmodzi nthawi zina limakananso mnzake, ndiye anati ine akadzafuna kundijambulanso adzayamba wanditumiza kwa dokotala wa ziwengo kuti ayeze pakhungu ndi kupeza ogwirizana nane.

Pali zinthu zina ziwiri zimene ndinazimva mochedwa. Choyamba ndi chithokomiro chomwecho: ayodini amene amalowa m'thupi pa kujambula kumodzi ndi wochuluka kwambiri kuposa amene thupi limafuna, ndipo kwa munthu wa chithokomiro chotupa kapena chogwira ntchito mopyola muyeso, vuto likhoza kubuka patapita milungu ingapo, mtima n'kumathamanga, thupi n'kumaonda, manja n'kumanjenjemera, mwini wake osadziwa kuti gwero ndi kujambula kuja. Mankhwala onse a magulu atatuwa amafanana pa zimenezi, choncho amene ali ndi vuto la chithokomiro ayenera kunena asanajambulidwe. Chachiwiri ndi funso limene ndinafunsa ndili ndi mantha a impso, ngati sangandijambule ndi MRI m'malo mwake. Mankhwala a MRI ndi a gadolinium, alibe ayodini, ndipo amathandiza kuona mnofu wa mtima, zipsera zake ndi mmene magazi akufikiramo, koma timitsempha ta mtima saonetsa bwino mofanana ndi CT kapena kachubu, ndipo stent sangaike ndi MRI. Nawonso si opanda vuto, pakuti mu 2006 kunadziwika kuti mitundu ina yake imayambitsa matenda oumitsa khungu mwa anthu a impso zofooka kwambiri, ngakhale kuti mitundu imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano ngoziyo ndi yochepa zedi.

Chimene sindikufuna n'chakuti wina awerenge za impso zanga ndi zidzolo zanga n'kukana kujambulidwa. Ndinakumanapo ndi bambo wina pamzere wodikira dokotala amene anakhala miyezi yambiri akuzengereza chifukwa anamva kuti utoto umapha impso, chikhalirecho chifuwa chinkamupweteka ngakhale atangokhala pansi. Ndinamuonetsa kope langa n'kumuuza kuti impso zanga zinabwerera m'masiku 10, zidzolo zinatha m'sabata limodzi, koma mnofu wa mtima ukafa chifukwa cha mtsempha wotsekeka subwereranso. Kwa munthu amene mtima wagwidwa mwadzidzidzi, madokotala sadikira n'komwe zotsatira za impso, amathamangira kutsegula mtsempha ndi mankhwala amene ali pafupi, ndipo amalondola kutero. Mafunso anga ndi a nthawi imene kujambula kwakonzedwa pasadakhale ndipo mpata wokambirana ulipo: eGFR yanga ili pati, malire a mamililita ndi angati, ndisiye mapiritsi ati, ndimwe madzi mpaka nthawi yanji, ndipo adzandiyezanso magazi liti. Bamboyo analemba mafunsowo pachikuto cha buku lake la kuchipatala asanaitanidwe.

Papita miyezi 14 chiikireni stent yachiwiri, masitepe ndimakwera osaima, ndipo eGFR imayenda pakati pa 45 ndi 48. M'chikwama changa, pamodzi ndi kakhadi ka stent, muli kapepala kamene ndinalemba ndi dzanja ndipo dokotala anasainira m'munsi mwake. Pali mizere itatu: iopromide 370, mamililita 70, palibe vuto. Iohexol 350, mamililita 220, creatinine anakwera kuchoka pa 1.6 kufika pa 2.3 ndikumwa diclofenac. Iodixanol 320, mamililita 65, impso sizinasinthe, zidzolo zinatuluka tsiku lachitatu. Mkazi wanga ali ndi chithunzi cha kapepalako mufoni yake, kuti tsiku limene ndidzalephere kuyankhula ndekha adzawaonetse madokotala.